Waya m'milomo ya mitsuko

Inu anyamata amene mwayamba kuotcha njerwa ndi mbiya ku Nkando, mverani izi, pakuti ife amene tinasonkheza mauvuni oyamba kuno tatsala ochepa.

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza nditachoka pa sukulu ya mishoni, nditangokwatira kumene. Mlamu wanga anandinenera kwa a Nampinga, kapitawo wa pa munda wina wa khofi kufupi ndi Milonde, ndipo anandiika pa uvuni. Udindo wanga unali kusanja zoumba, kumata pakhomo ndi matope, ndi kusonkheza moto: woyamba wofatsa wochotsa chinyezi, kenaka waukali kufikira m'kati monse mutafiira.

Mwini munda anafuna mitsuko yothirira mbande, yokhala ndi zogwirira za waya. Woumba mitsukoyo anali mai Muhiwa, amene anali atangofika kuchokera kutsidya kwa Muloza. A Nampinga anadula waya wa mpanda, nalamula kuti alowetsedwe m'milomo ya mitsuko dongo lili laliwisi, kuti akagwire zolimba.

Potsegula uvuni tinapeza mitsukoyo itang'aluka. Mwambo unali wakuti woyang'anira moto asayandikire mkazi wake kufikira uvuni utazizira, chifukwa munthu wotentha amaswa mbiya. Maso onse anagwera pa ine.

"Mphwanga, masiku ochepa omwewa unalephera kupirira?" anatero a Nampinga, anthu akuseka. "Mawa usabwere."

Ndinalumbira kuti sindinachoke pa uvunipo, koma palibe anamva. Dzuwa lisanapendeke, akazi anali atayamba kale kumuimba mkazi wanga nyimbo kuchitsime. Zimenezo zinandiwawa kuposa ntchito.

Ndinapempha kuti ndisese mapale ndisanapite. Mai Muhiwa, amene chinenero chathu sanali kuchidziwa bwino, anakhala pansi namandithandiza kutola. Pamenepo tinaona kuti mng'alu uliwonse unayambira pa waya. Mtsuko wopanda waya wa pakhomo pa mai Muhiwa, umene iwo anauzembetsa mu uvuni womwewo, unatuluka wamphumphu. Dongo likamauma ndi kupsa limafota, chitsulo chikatentha chimafufuma. Ziwirizi zikamangana, chosweka ndi dongo.

Titawaonetsa zimenezi, a Nampinga anatembenuza mapalewo nthawi yaitali. "Tiyesenso," anatero. "Ikaswekanso, ndiwe."

Ulendo wachiwiri tinaboola ziboo ndi bango dongo lili laliwisi, tinaotcha mitsuko yokha, ndipo waya tinapisa itazizira. Yonse inalira bwino poigogoda. A Nampinga sanapepese. Anangondiuza kuti ndikawaze nkhuni za uvuni wotsatira. Koma nyimbo inachedwa kutha, ndipo mkazi wanga anatunga madzi kumtsinje, kutali, dzinja lonse.

Chitsulo muzichiika moto utazima. Ndipo zoumba zikasweka, yambani mwatola mapale ndi kuwayang'anitsitsa musanatchule dzina la munthu.