Ndinalowa m'Bwalo Nditavala Zakuda

Ine sukulu ndinalekeza Sitandade 5, ndipo zolembazi ndikulemba pang'onopang'ono. Ndikufuna zikhale papepala mmene zinachitikira, chifukwa kumudzi kwa amuna anga nkhaniyi aliyense amaikamba mwa njira yake.

Amuna anga ankaimba ng'oma yaikulu m'bandi ya pa tchalitchi pathu, kufupi ndi Nsipe. Inali bandi ya alimi, malipenga asanu ndi limodzi, ting'oma tiwiri, ndi yaikuluyo imene ankaikoleka pamimba ndi lamba. Patsogolo pa bandi pankavina atsikana khumi ndi awiri a mbendera, amene ena amawatcha majoreti. Ntchito yawo ndi kuguba, kupukusa mbendera, kenako kuziponya m'mwamba onse pamodzi n'kuziwakha zisanagwe. Mwana wathu wamkazi, yekhayo amene tinapatsidwa, ndiye ankatsogolera.

Ine ndine telala. Mbenderazo ndinkasoka ndine, nsalu yofiira ndi yachikasu yogula pa sitolo ya mayi wina wachisilamu pa msika, mnzanga wa kalekale. Zogwirira zake zinali nsungwi zimene amuna anga ankadula okha kumtsinje n'kuziwaula pamoto kuti ziwongoke. Magulu a m'tauni amagwiritsa ntchito mapaipi opepuka. Nsungwi ndi yolemera. Ukaiponya imatembenuka mwaulesi, ndipo mwana akaithamangira amagwira mphepo.

Ng'oma yeniyeni inkakhala ku tchalitchi, choncho panyumba ankayeserera pa chigubu. Ine ndikupalasa makina pakhonde, iwo ali pampando pambali panga, chigubu pakati pa miyendo, akutsata phazi langa. Ndikafulumira kuti ndimalize diresi ya munthu ankadandaula.

"Mayi, musathamange, mukundisokonezera bandi."

"Bandi yake iti? Chigubu cha mafuta ophikirachi?"

"Chinyozeni. Tsiku lina chidzakuimbirani pa sitediyamu."

Zaka ndi zaka zinali choncho, mpaka kagundidwe ka ng'oma yawo kanangokhala kapalasidwe ka phazi langa posoka mpendero wautali. Atsikana ankaponya pa kugunda koyamba, n'kuwakha pa kwachinayi.

Anamwalira mu Febuluwale, mvula ili pakati. Anadwala sabata imodzi yokha. Za zimenezo sindilemba zambiri.

Kwao mwambo wa mkazi wofedwa ndi wolimba. Umavala zakuda chaka chathunthu, diresi ndi duku. Supita kuukwati, suseka mokweza, ndipo kumene kukulira ng'oma sukupondako. Chaka chikatha achibale a mwamuna amabwera kudzakuvula zakudazo, ndiye kuti wamasuka. Amene ankayang'anira zonsezi ndi alamu anga aakulu, mkulu wawo wa malemu, amene amagulitsa kabichi ndi tomato m'mbali mwa msewu. Sindinakane chilichonse. Diresi yakudayo ndinasoka ndekha.

Mu Julaye kunali chionetsero pa sitediyamu ya ku boma. Magulu a mbendera a m'masukulu ndi m'matchalitchi ankapikisana, gulu lililonse ndi bandi yake yoimba pomwepo, sipika ayi. Amuna anga anali atakonzekeretsa atsikana kuyambira chaka chinacho. Alamu anabwera kudzanena kuti mwanayo asapite, bambo ake sanathe ndi theka la chaka lomwe m'manda.

Ndinagwada mmene ndimayenera kugwadira, koma ndinayankha. "Alamu, wavala zakuda ndine. Mwana sanavale."

Tinakambirana mpaka tiyi anazizira. Pomaliza anati, "Chabwino, mwana apite. Koma inu mukhale pano. Phazi lanu lisaponde kumeneko." Ndinavomera, ndipo ndinavomera ndi mtima wonse.

Cholakwa chinachitika pokonzekera, ndipo sindiloza munthu chala. Madamu amene amaphunzitsa atsikanawo anali atajambula bandi pa foni malemu ali moyo, ndiye miyezi yonseyo ana ankayeserera ndi foniyo atailumikiza ku sipika. Oimba malipenga anali m'minda ya mbatata ya kachewere, osapezeka. Woimba ng'oma watsopano, bambo wina amene anapuma ntchito ku tauni n'kubwerera kumudzi, ankakumana ndi amalipenga Lamlungu atsikana kulibe. Aliyense ankaganiza kuti nyimbo ndi yomweyo, ndiye zigwirizana zokha. Atsikana ndi bandi anakumana koyamba m'mawa wa tsiku lenilenilo, kuseri kwa sitediyamu.

Ndinali pa makina cha m'ma 12 koloko pamene foni inalira. Anali mwana wanga.

"Amayi, mbendera zikugwa."

"Zikugwa bwanji? Zathyoka?"

"Ayi. Taponya kasanu, kasanu konse zagwa. Madamu akuti ndi mantha. Si mantha, amayi."

Sankalira, koma mawu ake anali owuma. Kumbuyo kwake ndinkamva bandi. Ndinamuuza kuti asiye kulankhula, angokweza foniyo m'mwamba. Ndinamvera ng'oma ija, phazi lili pa chopondera cha makina, ndipo ndinayesa kuitsata. Phazi linakana. Inali ng'oma yabwino, yoyera, koma inkathamanga ngati ikuthawa mvula. Kugunda kwachinayi kunkafika nsungwi ikadali m'mwamba.

"Mukulowa nthawi yanji?"

"Thuu koloko."

"Idyani kanthu. Ndikubwera."

Ndinatseka makina, ndinatseka chitseko. Njira yopita pokwerera minibasi ndi imodzi, ndipo imadutsa pa sitolo ya mnzanga uja kenako pa benchi ya alamu. Mnzangayo atandiona ndi kachikwama anadziwiratu.

"Anzanga, ulendo wa ku boma umenewu?"

"Wa ku boma."

"Ife kwathu ndi miyezi inayi ndi masiku khumi, basi wamasuka. Inu chaka chonse, ngati mwapha ndinu." Anatsitsa chitenje chamaluwa pa shelefu. "Fundani ichi pamwamba. Mudutse ngati munthu wina."

Ndinathokoza koma sindinatenge. Ndikanabisala ndiye kuti ndikuvomera kuti ndikukachita chonyansa. Ndinkapita kukagwira ntchito ya amuna anga.

Alamu anandiona ndili patali. Anasiya kasitomala ali ndi kabichi m'manja.

"Alamu, kuchipatala?"

"Ayi, ku sitediyamu."

"Tinapangana chiyani?"

"Tinapangana, ndipo ndikuphwanya ndine. Musadzamunene mwana."

"Mng'ono wanga sanaume n'komwe, inu mukufuna gule?"

"Sindikukavina. Ng'oma ikuthamanga, ana akugwetsa mbendera."

"Ndiye inu ndinu amene mudziwa ng'oma? Telala?" Amayi ogulitsa anyezi pafupi anaseka, ena anayang'ana pansi. Alamu anatsitsa mawu. "Mukakwera minibasiyo, zakudazi mudzavula nokha. Ife sitidzabwera."

"Ndamva, alamu."

Minibasi inaima, kondakitala anatsegula, ndinakwera.

Pa geti panali anthu ambiri, ogulitsa nzimbe, ana asukulu ovala mayunifolomu. Anthu ankapatuka ndikamadutsa. Mayi wina anauza mnzake, osabisa n'komwe, kuti, "Maliro alowa m'bwalo." Ndinawapatsa moni n'kupitirira.

Gulu lathu ndinalipeza kuseri, pansi pa mtengo. Atsikana anali atakhala pansi, masiketi amene ndinasoka atadetsedwa ndi fumbi, wina chala chitatupa. Amalipenga atandiona anavula zipewa. Ndinapita kwa bambo a ng'oma aja, ndinagwada, ndinawapatsa moni, kenako ndinanena kuti akuthamanga.

Anali munthu waulemu koma zinawapweteka. "Mayi, pepani ndi zimene zinakuonekerani. Koma ine ng'oma ndaimba kuyambira ndili mnyamata, m'mabandi akuluakulu. Nyimbo iyi liwiro lake ndi limeneli."

"Sindikutsutsa. Tanyamulani iyi."

Ndinatenga mbendera ya mwana wanga n'kuwapatsa. Anaiyeza m'manja, anayesa kuipukusa, inatsala pang'ono kuwamenya pachipumi.

"Iyi ndi mbendera kapena phaso la nyumba?"

Atsikana anaseka, koyamba tsiku limenelo. Bambowo anaibweza, anakanda m'mutu.

"Ndamva. Koma dzanja ili linazolowera. Ndiyamba pang'onopang'ono, anthu akangokuwa lithamanga lokha."

"Ndiye musayang'ane anthu. Muziyang'ana phazi langa."

Ndinapempha kireti ya zakumwa kwa mayi wina wogulitsa, ndinaitembenuza, ndinakhalapo ngati ndili pa makina. Ndinavula nsapato. Ndinayamba kupalasa pansi, chidendene ndi zala, chidendene ndi zala, mpendero wautali. Iwo anatsata. Atsikana anaponya kamodzi, ziwiri zinagwa. Anaponyanso, inagwa imodzi. Nthawi yoyesa kachitatu panalibe, anali atatiitana kale.

Pa chionetserocho bandi siyenda, imaima m'mbali mwa bwalo, atsikana okha ndiwo amalowa pakati. Ndinanyamula kireti yanga kumbuyo kwa amalipenga. Bambo wina wa komiti ananditsekera njira.

"Amayi, oonerera amakhala uko."

Mkulu wa malipenga, mnzawo wa malemu kuyambira ubwana, anayankha asanatembenuke n'komwe. "Asiyeni. Ndi a bandi."

"Amaimba chiyani?"

"Kireti."

Ndinakhala kutsogolo kwa ng'oma, nditafulatira bwalo. Anthu onse a mbali imeneyo ankandiona, mkazi wovala zakuda, wopanda nsapato, atakhala pa kireti. Ndinamva kuseka. Ndinamvanso wina akuti, "Si mkazi wa malemu uja ameneyu?" Kunkazizira, mphepo ya Julaye ikuwomba fumbi, koma msana wanga unali thukuta lokhalokha.

Malipenga anayamba. Ndinatseka maso kuti ndione mpendero, nsalu yofiira ikuyenda pansi pa singano. Manja anga anayamba okha kukankha nsalu imene panalibe. Pakati pa nyimbo atsikana anapanga mzere wopingasa, anthu anakuwa, ndipo ndinamva dzanja la bambo a ng'oma aja likuyamba kuthawa. Amalipenga nawo anatengeka. Sindinawathamangire. Ndinaponda molimba mpaka chidendene chinawawa, ndinakhala pamene ndinali. Kugunda kuwiri, kutatu, ine ndi ng'oma tinasiyana. Kenako inabwerera kwa ine.

Kuponya kwakukulu kumabwera kumapeto, malipenga atakhala chete, ng'oma ili yokha. Ndinkadziwa kuti ndikatembenuka kuti ndimuone mwana wanga, phazi lisokonezeka. Choncho sindinaone. Anthu masauzande anaona, alamu anaona pa foni ya munthu patapita masiku, ine mayi wake sindinaone. Ndinangomva. Kugunda koyamba, nsalu zinalira ndi mphepo m'mwamba. Kwachiwiri. Kwachitatu. Pa kwachinayi nsungwi khumi ndi ziwiri zinagwera m'zikhatho, phokoso limodzi, phwa. Palibe imene inagunda pansi. Phokoso la nsungwi yogwa ndimalidziwa.

Atsikana athu sanapambane. Linapambana gulu la sukulu ina la mapaipi opepuka, ndipo linavinadi bwino. Mwana wanga anabwera akupuma mofulumira, anagwada pafupi ndi kireti, anandiveka nsapato. Bambo a ng'oma anati, "Mayi, phazi limeneli mulisamale," ndipo anandinyamulira kireti kukabweza.

Sabata yotsatira anandiitana kumudzi kwa amuna anga. Ndinakhala pamphasa, iwo pamipando. Ananena zambiri, kuti ndachititsa manyazi mtundu, kuti anthu akuti ndinavina. Ndinati sindinavine, ndinakhala pansi nthawi yonse, ndipo amene akufuna afunse kireti. Apongozi anga aakazi anabisa nkhope m'chitenje, sindikudziwa ngati ankalira kapena ankaseka. Alamu anafuna kuti ndipepese. Ndinati, "Kuti ndinaphwanya pangano ndavomera, ndipo pa chimenecho pepani. Koma kuti ndinapita, sindipepesa. Zitachitikanso mawa ndingakwerenso minibasi yomweyo."

Alamu anasunga mawu awo. Febuluwale anafika, chaka chinakwana, palibe anabwera. Anthu ena ankandiuza kuti ndingovula ndekha, ndani andimange. Sindinavule. Ndinawauza kuti ndinavala chifukwa cha amuna anga, osati chifukwa cha alamu, ndipo nsalu yakuda siindilemera. Diresi yoyamba itatha m'khwapa ndinasoka ina.

Lachitatu lililonse masana ndinkapita pa bwalo la tchalitchi ndi kireti yanga, imene mnzanga wa sitolo anandipatsa. Bandi ndi atsikana tsopano amayeserera pamodzi, foni ija madamu anaisiya. Ndinkadutsa pa benchi ya alamu, ndinkawapatsa moni, iwo ankayankha akuyang'ana tomato.

Mu Meyi, m'mawa wina ndikusoka, ndinaona apongozi akubwera okha ndi ndodo yawo, opanda alamu, opanda wina aliyense. Anakhala pampando uja wa pakhonde. Anayang'ana chigubu, chimene chikadali pomwepo. Anakhala nthawi yaitali akumvera makina.

"Ndi mmene ankaimbira mwana wanga," anatero.

Kenako anandiuza kuti ndiime kaye. Anamasula duku langa lakuda ndi manja awo, analipinda, analiika m'kachikwama kawo. Anafunsa ngati m'nyumba muli diresi ina. Ndinati ilipo, koma ndimalize kaye mpenderowu, chifukwa ndi wa mbendera ndipo ana akuifuna Lachitatu.