Mpanda wa Matumba

Makina anga osokera ndinawoloka nawo nyanja ndili mnyamata, kuchokera kwathu ku Nkhotakota, mutu wake nditaukulunga m'bulangete ngati khanda. Ndinatsika pa Mbamba Bay ndisakudziwa Chiswahili ngakhale cha moni, koma makinawo anandilankhulira. Ndinapeza malo pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika, n'kuyamba kusoka mayunifolomu a ana a sukulu, madiresi a amayi a kwaya ndi zigamba za makabudula a asodzi. Ndinakwatira mkazi wa pompano, tinabereka ana atatu. Zaka zonsezo anthu ankanditcha fundi, kutanthauza mmisiri, ena shemeji, ndiye kuti mlamu, koma ndikangotembenuka ndinkamva akuti "wa ku Malawi uja". Ndikunena izi kuti mumvetse chifukwa chake ine munthu wa imvi m'ndevu ndinachita chinthu chopusa chimene ndikuuzenichi.

Timu ya mpira ya m'dera lathu inali ya anyamata a m'mabwato, ndipo ine ndinkaikonda mopanda manyazi. Ligi ikayamba, anyamatawo ankasiya kupita kunyanja masiku ena kuti achite masewera olimbitsa thupi, choncho timu inkayenera kuwapatsa kangachepe koti agulire ufa ndi sopo, kamene kuno amati posho. Woyimbira mpira ankafuna zake. Galimoto yopitira ku Mbaha kapena ku Mpepo inkafunanso zake. Koma bwalo lathu linali pamtetete, lopanda mpanda, aliyense ankangofika n'kuima pomwe wafuna. Pa nthawi yopuma tinkayendetsa beseni pakati pa anthu, ndipo linkabwera ndi timakobili towerengeka, makoko a mtedza, tsiku lina mpaka mutu wa nsomba.

Wapampando wa timu, amene tonse tinkamutcha mwenyekiti, anali bambo wamtali wa bwato la injini, wodziwa kulankhula moti akanatha kukugulitsa mchenga uli pagombe. Tsiku lina m'mawa anakhala pabenchi yanga n'kundiuza zimene anaona ku Mbinga. Kumeneko, akuti, amalumikiza matumba opanda kanthu n'kuwamangirira pa nsungwi kuzungulira bwalo lonse, n'kusiya chipata chimodzi. Wofuna kuonera amalipira pachipata, mpira ukatha mpanda amaupinda n'kuusunga.

"Shemeji," anatero mwenyekiti, "matumba ali m'sitolo momwe wakhala pakhonde pakemu. Makina uli nawo ndiwe. Kodi timu imeneyi si yako?"

Mawu omalizawo ndiwo anandipha. Zaka zonse zija panalibe anandifunsapo ngati kanthu kalikonse ka pa Mbamba Bay n'kanga.

Mwini sitolo anali munthu wosaseka ndi malonda, ndipo sindimuda. Tinalowa kwa iye awiriwiri, anatimvetsera mpaka kumaliza, kenako anati, "Matumba ndikupatsani pa ngongole. Koma timu ilibe chitseko choti ndikagogodepo. Ndikufuna chikole cha munthu." Mwenyekiti anati injini yake si yake yekha, ndi ya iye ndi akulu ake. Anatero akuyang'ana panja, pomwe panali makina anga. Ndipo ine, ndi pakamwa panga, popanda wondikakamiza, ndinati makinawo akhale chikole. Tinagwirizana kuti ndipitiriza kuwagwiritsa ntchito, ndipo ngongole idzabwezedwa tikadzasewera ndi timu ya ku Lituhi pabwalo pathu, chifukwa masewero amenewo ndiwo ankasonkhanitsa anthu ngati maliro a mfumu.

Mkazi wanga nditamuuza anasiya kusenda chinangwa, mpeni uli m'manja. "Bambo," anatero, "ife munda tilibe, bwato tilibe. Makinawo ndiwo munda wathu. Munamvapo munthu wapereka munda chifukwa cha mpira?" Ndinamuyankha kuti amayi za mpira sazidziwa. Anangoyambiranso kusenda. Paja amati wakutsina khutu ndi mnansi, koma langa khutu linali litauma.

Ndinasoka mpandawo milungu iwiri. Thumba si nsalu, limaterera pansi pa singano, limathyola masingano, fumbi lake limalowa m'mphuno. Ulusi wamba unkaduka, ndiye ndinagwiritsa ntchito ulusi wa nayiloni wabuluu umene asodzi amakonzera maukonde, ndipo msoko uliwonse ndinkaudutsa kawiri, mizere iwiri yoyandikana, kuti mwera ukadzaomba usadzaphwasule. Miyendo inatupa ndi kupalasa makina. Makasitomala a madiresi anatopa kudikira, ena anapita kwa telala wina. Koma tsiku limene tinauimika, mpanda woyera kuzungulira bwalo lonse, ndinaima kutali n'kuuyang'ana, ndipo ndikuvomera kuti misozi inalengeza.

Unagwira ntchito, musaganize kuti ayi. Pa masewero a Mbaha anthu anadandaula, anatukwana, ana anakwera m'mitengo ya mango, koma akuluakulu analipira. Pa masewero a Mpepo analipiranso ochuluka. Beseni lija linalemera koyamba chikhalire. Ndinati tiyambe kupatsako mwini sitolo, koma mwenyekiti anati anyamata ali ndi maposho akale osalandira, ndipo majezi athu akuchititsa manyazi, a Lituhi asadzatione ngati amasiye. "Matumba tilipira ndi chipata cha Lituhi monga tinapanganira, shemeji. Usaope." Tinagula majezi atsopano ofiira. Manambala kumsana ndinasokerera ndine, ulele.

Kutatsala masiku ochepa kuti a Lituhi abwere, wailesi inalengeza za mliri uja wa chifuwa umene unazunguza dziko lonse lapansi. Masukulu atsekedwe, masewera onse aime. Mpaka liti, palibe ankadziwa. Chimene chinkandiwawa n'chakuti msika unkadzazabe, kutchalitchi tinkapitabe, pagombe anthu ankakankhana pogula usipa monga mwa masiku onse. Mpira wokha ndiwo unaima, pamodzi ndi sukulu, ndipo ine zinthu ziwirizo ndizo zinkandidyetsa. Yunifolomu palibe ankasoketsa. Ndinasokako tinsalu tophimba kukamwa, timene ankati barakoa, koma anthu a kuno anativala mlungu umodzi n'kutaya. Mwini sitolo anati adikira mpaka mpira udzayambirenso, ndipo pa zimenezo ndimamuthokoza mpaka lero.

Mpanda tinaupinda n'kuuika m'chisakasa cha pagombe momwe mwenyekiti ankasungira maukonde. Ndinafuna kuusunga kwathu, koma nyumba yathu ya lendi inali ya zipinda ziwiri, ndipo mwenyekiti anati katundu wa timu akhale pamalo pa timu. Ndinavomera, pakuti tsopano ndinali wa timu.

Patapita mwezi ndi theka, ndinatsikira kugombe m'mawa kukagula ndiwo. Kunali kachimvula kamawawa, amayi akuthamanga kuphimba usipa pamathandala. Pathandala lina ndinaona chophimbira choyera cha matumba, ndipo pakati pake panadutsa mizere iwiri ya ulusi wabuluu. Ndinayandikira, ndinagwira ndi chala. Msoko wa munthu uli ngati kalembedwe kake, sungausokoneze ndi wa wina. Ndinafunsa mayi wa thandalalo komwe anachitenga, ndipo anati amuna ake analandira ku timu. Amuna akewo anali goloboyi wathu.

Ndinamupeza mwenyekiti akumata bwato phula. Sindikumbuka bwino zimene ndinayamba kunena, koma ndikudziwa kuti ndinasakaniza Chichewa ndi Chiswahili ndi mawu ena amene mkulu wa mpingo sayenera kuwadziwa. Iye anandisiya ndimalize, kenako anati, "Shemeji, khala pansi. Anyamatawa malo awo m'mabwato anatengedwa ndi ena pamene ankasewerera timu. Posho palibe, chipata palibe. Abwera kwa ine ndi njala, ndiwapatse chiyani? Ndawapatsa matumba anayi anayi, ena agulitsa, ena akuyanikira makaka. Ndikapanda kutero athawira ku matimu ena kapena ku migodi. Mpanda wopanda osewera udzatchingira ndani?"

"Nanga makina anga?" ndinafunsa.

"Mungu mkubwa, shemeji," anayankha motero, ndiye kuti Mulungu ndi wamkulu, n'kupitiriza kumata phula.

Chimene chimandipsetsa mtima mpaka pano n'chakuti sanali kunama kwenikweni. Anyamatawo analidi ndi njala. Koma anawalipira ndi chinthu chimene ndinapinyolitsira moyo wa ana anga, osandifunsa, ndipo injini yake inkalirabe panyanja tsiku lililonse. Ndinalowa m'chisakasamo n'kukoka zimene zinatsala. Mpanda umene tinkaunyamula amuna asanu ndi mmodzi ndinausenza ndekha pamutu mpaka kunyumba. Mkazi wanga anandiona ndikulowa nawo, anasuntha mphasa kuti ndipeze pouika. Bola akananditukwana.

Ndinayesa kuyenda khomo ndi khomo kupempha zidutswa zija. Wina anati anagula ndi ndalama zake. Wina anali atafolera denga la bafa. Mwera utayamba, ndinaona mabwato ang'onoang'ono akutuluka ndi matanga oyera a mizere yabuluu, akuthamanga bwino kwambiri, ndipo ndinasiya kupempha.

Mpira unaloledwanso patapita miyezi ingapo, ndipo tsiku la Lituhi linafika. Zotsala zija zinangokwanira mbali ya kumsewu. Tinaimika chipata chathu bwinobwino, nsungwi ziwiri ndi matumba pang'ono uku ndi uku, mbali zitatu zonse za bwalo zili pululu. Mwenyekiti anati anthu ali ndi chisoni, adzalowera pachipata mwaulemu. Ine ndinaima pamenepo ndi beseni, nditavala malaya anga a tchalitchi.

Anthu anabwera ochuluka kuposa tsiku lina lililonse limene ndinaonapo, chifukwa anali ndi ludzu la mpira la miyezi yonse ija. Ankafika pamsewu, kundiona, n'kukhota pang'ono kuzungulira kumapeto kwa matumba. Ena ankayang'ana kumbali. Ena ankandipatsa moni mokweza, "Pole, fundi!" ndiye kuti pepani, uku akudutsa mapazi khumi kuchokera pomwe ndinaima. Amene ndinawasokera madiresi a ukwati anazungulira. Amene ana awo ndinawasokera mayunifolomu pa ngongole anazungulira. Analowera pachipata ndi akuluakulu ochepa a mpingo, mphunzitsi mmodzi, ndi alendo angapo a ku Lituhi amene sankadziwa kuti kuli njira ina.

Mpira utatsala pang'ono kuyamba ndinaona mkazi wanga akubwera, atavala chitenje chake chatsopano. Chikwatirane sanapondepo pabwalo la mpira. Anabwera molunjika pachipata, anamasula mfundo ya kansalu kake, anaika ndalama yolowera m'beseni, yokwanira ndendende, n'kundiyang'ana m'maso. "Ndabwera kudzaona chimene tagula, bambo," anatero, ndipo analowa.

Ndinamutsatira ndi maso mpaka m'khamu, ndipo m'pamene ndinaona pomwe anthu anakhala. Mchenga unali wotentha, choncho ambiri anabwera ndi choyala. Mzere wonse wa kutsogolo, kuzungulira bwalo, anthu anakhalira zidutswa za matumba oyera a mizere iwiri yabuluu. Mpanda wanga unalipo ndithu tsiku limenelo, unazungulira bwalo monga ndinaukonzera, kungoti unali pansi pa matako a anthu.

Tinapambana ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi. Anyamata a majezi ofiira ananyamula mwenyekiti pamapewa. Za m'beseni zinathera kwa woyimbira ndi mafuta a galimoto ya alendo, ndipo zinaperewera. M'mawa mwake mwini sitolo sanatume munthu, anatuluka yekha, anandipepesa, ndipo tinathandizana kulowetsa makinawo m'sitolo. Ndinamupempha kuti azidonthezera mafuta pa gudumu mwezi ndi mwezi. Patapita milungu itatu anawagulitsa kwa munthu wa ku Mbinga. Timu nayo sinapite patali, chaka chotsatira inalephera kulipira ndalama yolembetsera mu ligi, majezi ofiira aja anyamata akupita nawo kunyanja.

Tsopano ndimakhala pansi pa mtengo pafupi ndi gombe, ndimasoka pamanja ndi singano yaikulu, maukonde, nsapato, zikwama, chilichonse chobwera. Mkazi wanga amagulitsa chinangwa chokazinga pamsewu, ndipo ndiye akutidyetsa. Za makina sanazitchulepo ngakhale kamodzi.

Mwezi wathawu goloboyi uja anabwera ndi thanga la bwato lake, mwera utaling'amba. Analiyala patsogolo panga n'kunena kuti, "Fundi, tandisokereni apa, mawa ndikufuna kutuluka." Sindikudziwa ngati anaiwala kapena ankangoona ngati ndi matumba wamba. Matumbawo anali atayezuka ndi dzuwa, ofumbutuka, ong'ambika pakati penipeni. Ndinatsata mizere iwiri yabuluu ija ndi chala kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo panalibe pamene panamasuka. Ndinamuuza mtengo, anati wakwera, shemeji muchepetseko, si ndife amodzi. Ndinamuchepetsera, chifukwa kunyumba kunalibe ufa, ndipo ndinayamba kusoka.