Dzina la Amalume Likupita ku Jupita

Ndili Folomu 2 pa sukulu ina pafupi ndi Golomoti, aphunzitsi a sayansi analowa m'kalasi foni ili m'manja. Anati asayansi akunja akukonza chombo chopita ku mwezi wina wa pulaneti lalikulu la Jupita. Mweziwo ndi wokutidwa ndi madzi oundana, koma akuganiza kuti pansi pake pali nyanja. Aliyense atha kutumiza dzina lake, alilembe pa kachitsulo kochepa ngati chikhadabo, lipite ndi chombocho.

"Nanga likakazizidwa kumeneko?" anafunsa wina kumbuyo. Kalasi yonse inaseka. Ine sindinaseke. Ndinkayang'ana kaundula amene aphunzitsi anatsegula patebulo kuti atumize mayina athu.

M'kaundulamo dzina langa lachiwiri linali la amalume. Amayi atamwalira ndinatsala ndi agogo. Amalume ndiwo anakandilembetsa sukulu, nandipatsa dzina lawo osafunsa munthu. Chaka chomwecho anakafufutitsanso dzina la amayi pa munda wa mpunga ku sikimu ya ulimi wothirira, n'kulembetsapo lawo. Mpunga wa m'mundamo sitinaulawenso.

Itakwana nthawi yanga ndinaimirira.

"Aphunzitsi, ine mulembe dzina la amayi anga."

"Ati chiyani? Kweza mawu, iwe."

Ndinabwereza, koma motsitsabe mawu.

"Tikutsata kaundula. Muli anthu ambiri, netiweki ikuvuta. Khala pansi."

Ndinaona chala chawo chikudina zilembo chimodzichimodzi. Ndinakhala pansi.

Kunyumba ndinawafotokozera agogo akupeta chimanga. Sanakweze mutu. "Usandiyambitsire phokoso. Ameneyonso ndi mwana wanga." Ndinawakwiyira masiku atatu, iwo osadziwa n'komwe, chifukwa ndinali wosayankhula kale.

Nkhani inawapeza amalume. Tsiku la msika ndinawaona pa siteji ya minibasi akuuza anzawo, mkono uli m'mwamba: "Langa dzina lapita kumwamba, achimwene! Lanu lathera pa chitupa cha njinga!" Atandiona anakuwa, "Bwera kuno, mphwanga, uwauze wekha!" Ndinadutsa ngati sindinamve.

Munda mwina tsiku lina akuluakulu adzaukambirana. Koma chombo chija chinanyamuka, ndipo palibe mfumu kapena khoti lingachiitanitse kuti chibwerere. Chikadali m'njira mpaka pano. Chikakafika, munthu amene sanapiteko kukalambula manda a mlongo wake adzakhala akuzungulira Jupita, ataphatikana ndi dzina langa loyamba.

Patapita nthawi, pokalembetsa chitupa cha unzika, mlembi anandifunsa dzina osandiyang'ana. Ndinatchula langa, kenako la amayi, mokweza mpaka amene anali kumbuyo pamzere anatembenuka.

"Tamva, sitili ogontha," anatero mlembiyo.

Ndinamuuza kuti andionetse zimene walemba. Ndinawerenga kawiri ndisanachoke pamenepo.