Bambo a Ana Anga Anali Asanaweruke

Chaka chimene mvula inadula chimanga chili m'mawondo, kwathu kwa Kawinga anthu ankakumba migula kuti alandire chimanga. Akalaliki a bungwe ankabwera ndi foni yaikulu, n'kumadina dzina la aliyense pofika ndi poweruka. Bambo a ana anga anamwalira ntchitoyo ili mkati.

Ine ndinalowa eda. Kwa ife Asilamu, mkazi woferedwa sachoka pakhomo mpaka miyezi yake itakwana. Mng'ono wanga ndiye anatenga khasu m'malo mwawo, akalaliki n'kuvomera. Koma tsiku lolandira anabwerako ndi thumba lopinda m'khwapa. Akuti foni sikuonetsa kuti iye anagwirapo ntchito.

Sindinkakhazikika. Ndinkasesa posesa kale, kufika pachipata, kubwerera, kupitanso. Ana ankadya mango aawisi owiritsa, ndipo nawonso ankatha mumtengo.

Tsiku lina akalaliki anabwera. Anakhala kunja kwa mpanda, ine mkati, tikulankhulana osaonana.

"Mayi, vuto si inu iyayi, ndi pulogalamu ya m'fonimu. Anaipanga anthu akutali ongodzipereka, aliyense akhoza kuwadandaulira. Ndawalembera, koma akuti akayesa kwawoko zikuyenda bwino. Akufuna ndiwaonetse mmene zinachitikira."

"Ndiye tiwatumizire maliro?" ndinatero.

Mng'ono wanga anaseka, kenako n'kugwira pakamwa.

"Iyayi, mayi. Mungondikumbutsa za tsikulo, kuyambira m'mawa."

Sindinkafuna, koma ndinafotokoza. Bambo a ana anga anadzuka bwinobwino, anapita ku migula. Dzuwa lili pamutu anzawo anabwera atawanyamula. Sanalankhulenso. Paja ife sitigoneka maliro, ndiye dzuwa lisanalowe anali ataikidwa. Onse a ku migula anasiya makasu n'kupita kumanda, akalalikiwo ali pomwepo.

Kunja kwa mpanda akalaliki anayamba kudinadina foni. Kenako ndinamva akuti, "Sindinawawerutse. M'mawa mwake ndinangolemba kuti amwalira."

M'fonimo bambo a ana anga anali akadali ku migula, ndipo malo awo sankalandira ntchito ya munthu wina.

Akalaliki anayesa ndi dzina longopeka. Analilowetsa pantchito, kulemba kuti lamwalira lisanaweruke, kuikapo wina. Ntchito ya winayo inasowa. Anabwerezanso, akutchula mokweza chilichonse chimene akudina kuti alembere anthu aja osadumpha. Akati "amwalira" ine ndinkaimirira, n'kukhalanso. Mawuwo ndinawamva kangapo masana amenewo.

"Kukonza kwawo kutenga nthawi," anatero, "koma zanuzi nditha pompano. Ndiwabwezera kaye pantchito, kenako ndiwawerutse. Ndilembe nthawi yanji?"

Ndinayang'ana khasu lawo, mng'ono wanga atalitsamiritsa pankhokwe yopanda kanthu.

"Lembani masana, pamene anawanyamula. Asagwire yowonjezera, anatopa."

Anadina. Masiku onse a mng'ono wanga anaonekera. Sabata yomweyo anabwerako atasenza thumba, ndipo ndinakamulandira pachipata penipeni, phazi osatulutsa kunja.