Zikhomo za m'Kansitu ka Kumtsinje

Banja la eni esiteti imene ndinakalambirapo linachokera ku Wales, ku Ulaya. Kwawoko akuti anali eni nthaka kuyambira makedzana, a nyumba yamiyala ndi nkhosa zodzaza mapiri, ndipo mwana amene sanalandire gawo ndiye anabwera kuno ku Thyolo kudzadzala tiyi. Zimenezi ndinazimva msana wanga utakana dengu, atandichotsa kothyola tiyi n'kundipatsa ntchito yosamalira manda a banjalo kuseri kwa nyumba yaikulu. Ndinkatsuka miyala yawo ndi burashi, kudulira maluwa, kuchotsa ndere m'zilembo. Mwala wina unalembedwa m'chinenero cha kwawo, chimene ngakhale a manijala sankatha kuwerenga. Ntchitoyo ndinkaigwira ndi mtima umodzi. Munthu akagona, ndi wa Mulungu, kaya anali ndi malo kaya analibe.

Manda athu anali kumunsi, kumene tiyi amathera, m'kansitu ka m'mbali mwa mtsinje. Makolo a akazi anga anachoka ku Mozambiki wapansi kudzafuna ntchito. Analibe mudzi kuno, choncho akamwalira m'malayini, m'nyumba za antchito zija, ankawaika m'menemo. Akazi anga nawonso tinawaika pomwepo, pafupi ndi amayi awo. Miyala sitinkaika. Pamakhala mulu wa dothi basi, mwina ndi mbale imene munthuyo ankadyera. Mtengo wa kumanda sudulidwa, nkhuni zake sizitoledwa, ndipo munthu salowamo wamba popanda akuluakulu kulola. N'chifukwa chake mibawa ya m'menemo inakula chotero pakati pa dziko lonse la tiyi.

Chaka china kunabwera mayi wachikulire wa m'banja lija, mdzukulu wa mzungu woyambayo. Ankalemba buku la makolo ake. Anali munthu waulemu, anandipatsa moni ndi manja awiri. M'banja mwawo ankasimba kuti agogo awo anasiya kansitu kaja dala, chifukwa kankawakumbutsa mitengo ya kwawo. Nkhaniyo inakomera akuluakulu a kampani, ndipo anagwirizana zolambula njira yoti alendo aziyendamo, n'kuikamo mabenchi ndi chikwangwani cha dzina la agogowo.

Amene anadzandiuza anali a kapitawo, mnzanga wa kutchalitchi, munthu wanthabwala.

"Madala, mwakwezedwa," anatero. "Manda a azungu mwawatha, tsopano mukhala a injiniya a msewu. Mawa tengani chikwanje."

"Msewu wa kuti?"

"Wa kumtsinje. Zikhomo akhoma kale, inu n'kungotsata."

"Akhoma ndani? Analowamo ndi chilolezo cha yani?"

Anakanda m'mutu. "Achimwene, ine ndangotumidwa. Musandiyang'ane ngati ndakudyerani nkhuku."

Sindithamangira kuweruza munthu, ndipo ndinkadziuza kuti mwina njirayo ilambalala. Ndinakaima m'mphepete mwa tiyi n'kusuzumira. Zikhomo zinali ndi tinsalu tofiira, zinkaoneka bwino pakati pa mitengo. Chimodzi chinali kumutu kwa akazi anga.

Ndinapemphera, kenako ndinapita kwa akuluakulu a m'malayini, amene amatsogolera pa maliro. Ndinawauza m'Chilomwe kuti ndikupempha kulowa kumanda, ndipo ndinanena chimene ndikukachita. Gogo wina anati, "Nyumba mukukhalayo ndi ya kampani, mukudziwa?" Ndinati ndikudziwa. Anayang'anana, n'kundilola.

Ndinalowa dzuwa lili pamutu, anthu akuona ali m'mizere ya tiyi. Ndinavula chipewa, ndinazula zikhomo zonse, n'kuzimanga mtolo ndi luzi. Ndinazisenza paphewa mpaka ku ofesi, ndinazitula pakhonde.

A manijala anali Mmalawi mnzathu, ndipo za mandawo ankazidziwa bwino. Anatuluka ali ndi mayi uja.

"Bambo, n'chiyani ichi?"

"Katundu wa kampani, bwana. Ndamupeza pa akazi anga."

"Njirayo ndi yaing'ono. Palibe amene afukule munthu. Mumafuna alendo aziuluka?"

"Ayende m'tiyi, bwana. Ndi wambiri."

Mayi uja anafunsa chimene chikuchitika, ndipo a manijala anamufotokozera m'Chingerezi, mwachidule kwambiri. Iye anati agogo ake ankaikonda mitengo imeneyo. Ndinapempha a manijala kuti amuuze mawu anga onse, osadula. Ndinati mwina ankaikondadi, ine mtima wawo sindinauone. Ndinati agogo akewo ndawasambitsa zaka zambiri, ndipo sindinalolepo ngakhale mbuzi kuponda pa iwo. Ndiye pa akazi anga sipakhala benchi.

Kaya anamuuza zonse, sindikudziwa. Mayiyo anayang'ana mtolo uja nthawi yaitali. Patapita masiku anabwerera kwawo. Zimene analemba m'buku lake sindinazione, ndipo sindimunenera zoipa.

Mwezi usanathe a ku ofesi anandiitana n'kundiuza kuti ndakalamba, ndikapume. Mawu oti zikhomo sanatuluke pakamwa pa munthu aliyense. Nyumba ya m'malayini ndinaisiya, ndinakweza mphasa, mipando ndi Baibulo pa njinga ziwiri, n'kupita kwa mlongo wanga ku Khwethemule, kwathu kobadwira. Zinandiwawa. M'nyumba imeneyo ndi mmene akazi anga anadwalira, ndipo khomo lake linkayang'ana kumtsinje. A kapitawo anandiperekeza mpaka pamsewu. "Mutu wanuwu ndi mwala," anatero, "tikanaugwiritsa ntchito pomanga mlatho." Koma maso awo anali ofiira.

Iwo omwewo ndi amene amandibweretsera nkhani tikakumana pamsika pa Boma. Akuti a kampani atafuna munthu wina wogwira chikwanje, wa m'malayini aliyense anadwala msana. Anakatenga aganyu akutali, koma atangoona milu ndi mbale anabwerera, osafunsa n'komwe za malipiro. Mabenchi ali m'sitolo ya kampani. Ku ofesi amati nkhaniyo akuiganizirabe, ndipo ndikudziwa kuti manijala wina adzabwera amene sanandionepo.

Ine ndikamwalira adzandiika kuno kwathu, monga mwa mwambo, kutali ndi akazi anga. Choncho zimene ndingawachitire ndi za panopa, ndikadali ndi miyendo. Ndinawauza a kapitawo kuti tsiku limene adzaone kansalu kofiira m'mitengo ija, anditumizire uthenga, ngakhale ndili m'tchalitchi. Ndidzakwera minibasi, ndidzapempha akuluakulu monga kale, ndipo ndidzazulanso.