Kukafufuza mlamu kukhoti

Ndale za matipati zitangoyamba, mchemwali wanga Esinati anapeza mwamuna wa ku Nazombe, ndipo poti amalume anali atamwalira, unkhoswe unagwera ine. Posakhalitsa ndinamva mphekesera zoti mnyamatayo anamangidwapo pa mlandu wovulaza munthu. Kumufunsa ndinaopa, chifukwa ankandipatsa ulemu wochititsa manyazi.

Ndinapalasa njinga kupita kukhoti ku boma, kunyumba nditanama kuti ndikukagula tcheni cha njinga. Kalaliki anandifunsa nambala ya mlandu, ine ndinalibe. Chaka chake sindinkachidziwanso.

"Nanga inuyo ndinu ndani wake?"

Ndinayang'ana nsapato zanga, ndinathokoza ngati munthu wothandizidwa, n'kutuluka.

Nditafika kunyumba ndinapeza Esinati akusenda chinangwa pakhonde. Ndinakhala pambali pake, n'kutsokomola ngati mkulu wodziwa zinthu.

"Ndafufuza kukhoti. Munthu wako alibe banga, dzina lake mulibe m'mafayilo onse."

Anaika mpeni pansi n'kundiyang'ana mondimvera chisoni.

"Achimwene, kundende anakhalako. Anamenya munthu amene ankazunza amayi ake. Anandiuza yekha asanandifunsire."

Kenaka anasankha chinangwa chabwino n'kundipatsa.

"Nanga tcheni chija mwagula?"