Mtanda Wopindika pa Minibasi

Amalume, lero ku Matero ndaona mtanda wopindika uja wa wolamulira wankhanza wa ku Jeremani ataumata pa minibasi ngati chokongoletsa.

Ndakumbuka zaka zomwe makampani a boma ankagulitsidwa, zovala zakaunjika za salaula zitadzaza pa msika wa Kamwala. Ndinabwera pakhonde panu posokera kuti mufupikitse manja a jekete yanga, ndikunyadira baji yake ya mtanda womwewo. Munaimatula ndi lezala n'kuiponya m'ngalande. Munati, "Iwe, uziba vamene uvala? Pansi pa ichi eni mafakitale ananenepa, atsogoleri a antchito anamangidwa, olumala monga ine anaphedwa m'vipatala. Onsewo Ajeremani anzake a mwini wa ichi!" Kenaka munatola ndodo yanu n'kutsimphina kubwerera pa makina.

Pumulani mumtendere, amalume. Minibasi ija yandiimira, koma ndayenda wapansi mpaka kunyumba.